Anamwino akuti mwana wanga ali ndi Down syndrome: yankho kwa mayi wina

Mayi wina wandilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi ali ndi masabata 6, ndipo anamwino atamuona anati mwina ali ndi Down syndrome. Akufuna kudziwa kuti anamwino angazindikire bwanji pongoyang'ana, ngati pali chimene analakwitsa ali oyembekezera monga akunenera achibale a bambo a mwanayo, komanso ngati pali mankhwala.

Mayi, ndiyambe ndi nkhani ya achibaleyo, poti ndi imene ikukusowetsani tulo. Palibe chimene munalakwa. M'maselo a thupi la munthu mumakhala ma chromosome (tinthu tonyamula malangizo a chibadwa cha munthu) 46 okhala awiriawiri, 23 ochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Mwana wa Down syndrome amakhala nawo 47, chifukwa pa nambala 21 pamakhala atatu m'malo mwa awiri. Kawirikawiri zimenezi zimachitika pamene dzira kapena umuna ukupangidwa, mimba isanakhale n'komwe. Sizibwera chifukwa cha zimene munadya, ntchito yolemetsa kapena kugwa. Dokotala wa ku England, John Langdon Down, anafotokoza za ana oterewa mu 1866, koma chromosome yowonjezerayo inapezeka mu 1959 ku France. Padziko lonse, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa chonchi. N'zoona kuti zimachuluka mayi akamakula, moti pa zaka 40 ndi mimba imodzi pa 100, komabe atsikana achichepere amaberekanso ana otere.

Anamwino aja anaona zinthu monga thupi lolobodoka pomunyamula, maso opendekera m'mwamba, mphuno yaphwatalala, timakutu ting'onoting'ono, lilime lokonda kutuluka, mzere umodzi wodutsa pachikhatho, ndi mpata waukulu pakati pa chala chachikulu chakuphazi ndi chinzake. Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena kanthu; alipo anthu ambiri a mzere umodzi pachikhatho amene alibe vutoli. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi n'kuwerenga ma chromosome, kuyeza kumene madokotala amati karyotype.

Koma musadikire zotsatira zimenezo kuti muyambe kuchitapo kanthu. Ine ndikanakhala inu, ndikanasiya kaye za nkhope n'kuthamangira za mtima. Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, nthawi zambiri kabowo pakati pa zipinda zake. Dokotala atha kumvetsera pachifuwa osamva chachilendo pomwe kabowoko kalipo, n'chifukwa chake mwana aliyense wotere amayenera kujambulidwa mtima ndi makina a echo akadali wakhanda. Inuyo muzimuonetsetsa akamayamwa. Ngati akupuma wefuwefu, kutuluka thukuta pachipumi, kusiya bere atangoyamwa pang'ono, milomo n'kumada, kapena sakukwera sikelo, pitani naye kuchipatala osazengereza. Kabowo kakakhala kakakulu, magazi amapita ochuluka kumapapo n'kuwononga mitsempha yake, ndipo ikawonongeka opaleshoni siithandizanso. Choncho madokotala amafuna kuichita m'miyezi yoyambirira, nthawi zambiri mwana asanapitirire miyezi 6. Timabowo tina ting'onoting'ono timatsekeka tokha.

Chachiwiri ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kothandiza kuti thupi lizikula ndi kugwira ntchito bwino. Chikamagwira ntchito mofooka, mwana amagona kwambiri, amadzimbidwa, amakula pang'onopang'ono, ndipo anthu amangoti ndi mmene alili ana otere. Ayi ndithu. Ili ndi vuto lapadera, ndipo lili ndi mankhwala, kapilitsi ka levothyroxine kamodzi patsiku. Magazi ayezedwe atangobadwa, pa miyezi 6, pa miyezi 12, kenako chaka ndi chaka. Makutu nawonso ayezedwe kawirikawiri, chifukwa madzi amakonda kudzadza m'kati mwa khutu, ndiye mwana amene sakumva bwino angaphunzire bwanji kulankhula? Maso aonedwe asanakwanitse miyezi 6, poti ena amabadwa ndi ng'ala. Masanzi obiriwira, mimba yotupa kapena kudzimbidwa kosatha zingasonyeze kuti matumbo ndi otsekeka penapake, ndipo zimenezo si zogona nazo. Katemera alandire yense pa nthawi yake, chifukwa chibayo chimawavuta ana amenewa.

Za mankhwala ndinene mosabisa: palibe ochotsa chromosome ija. Wina akabwera ndi mavitamini kapena zitsamba akuti zichiritsa, sungani ndalama zanu. Chimene chimathandiza ndi kumuyamwitsa moleza mtima mutamuchirikiza mutu ndi chibwano, kumugoneka chafufumimba kwakanthawi ali maso inu mukumuona kuti khosi lilimbe, kupita naye kwa a mafizo, ndi kumulankhula tsiku lonse. Adzakhala, adzakwawa, adzayenda, kungoti mochedwerapo. Ambiri amayamba kuyenda cha m'ma zaka ziwiri. Kuphunzira kumakhala kwapang'onopang'ono, ndipo kumasiyana mwana ndi mwana, choncho munthu asakuuzireni lero pamene mwana wanu adzalekezere. Ku America, cha m'ma 1983, anthu a Down syndrome ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 25. Lero amafika cha m'ma 60, ndipo opaleshoni ya mtima yathandiza kwambiri pamenepa.

Simunafunse za mimba ina, koma ndikudziwa kuti funsoli likubwera. Apa m'pamene karyotype ija imafunikira. Mwa ana 100 a Down syndrome, pafupifupi 95 zimangowachitikira popanda kutengera kwa makolo, ndipo kuti zichitikenso ndi pafupifupi mimba imodzi pa 100, kapena kuposerapo ngati mayi ndi wamkulu. Mwa ana atatu kapena anayi, chromosome 21 imakhala itamatirira ku inzake, ndipo ena mwa iwo amatengera kwa kholo limene palokha lili bwinobwino. Zotsatira zikasonyeza mtundu umenewu, mukayezetse nonse awiri, inu ndi bambo ake, musanatenge pakati pena.