Mwana wayamba kuphupha ali mtulo: kodi ndi fragile X yomweyo?

Kalata iyi yagona mufoni mwanga masabata awiri. Mayi wina wa ku Limbuli, ku Mulanje, akuti mwana wake wamwamuna wa zaka 6, amene anamupeza ndi fragile X, matenda obadwa nawo amene amachedwetsa mwana kuyankhula ndi kuphunzira, wayamba kuphupha usiku. Akufunsa ngati ndi matenda omwewo ndiponso ngati zidzatha.

Ndinazengereza kuyankha, mayi, chifukwa munandikumbutsa mlongo wanga.

Ife tinakulira kumalaini a esiteti ya tiyi ku Thyolo. Mlongo wangayo anachedwa kuyankhula, makutu ake anali aakulu, sankayang'ana munthu m'maso, ndipo akakwiya ankadziluma dzanja. M'mawa wina chiperoni chitagwira, tikuwotha moto, anangogwa, mwendo n'kulowa pamakala. Akuluakulu amene analipo anabwerera m'mbuyo onse. Ankati ukakhudza thovu lake, kapena iye akaphwisa iwe n'kupuma mpweyawo, watenga khunyu. Anamukoka ndi amayi, atamva kukuwa kwanga ali kumpopi. Kenaka anthu omwewo anayamba kunena kuti wakhunyu akapsa ndi moto sachiranso. Bodza lonseli ndimadana nalo mpaka lero. Khunyu munthu sapatsira mnzake, ndipo chinawotcha mwendo uja ndi mantha a anthu.

Dzina loti fragile X tinadzalimva patapita zaka zambiri, mwana wa mchemwali wanga atayezedwa magazi ku Johannesburg komwe mayi ake amagwira ntchito. Pofotokozera agogo pafoni, mchemwaliyo anati ndi nkhani ya ma gene, tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake. Agogo anamva majini, n'kuyamba kufunsa za sing'anga. Tinaseka mpaka misozi, koma kusekako sikunakhalitse. Kwathu kwa Alhomwe ana ndi a kuchikazi, ndiye akuchimuna sanachedwe kuloza chala: zachokera kwanu izi.

Zoona, mnyamata amatengera kwa mayi ake, chifukwa gene yake, yotchedwa FMR1, imene inadziwika mu 1991, ili pa chromosome X, kachingwe konyamula ma gene kamene mnyamata amalandira kwa mayi ake okha. Nanga mayiyo anaigula pamsika? Mwamuna amene ali nayo mobisika amapatsira ana ake onse aakazi, iye osadziwa kanthu. Ena mwa amuna oterewa amadzanjenjemera manja akakalamba, ndipo ndikakumbukira mmene agogo athu aamuna ankatayira tiyi m'kapu, ndimangokhala chete. Tsono mlandu tiupereke kwa ndani? Apongozi anu akayamba zimenezi, mayi, musawayankhe ndi misozi.

Tsono yankho lanu

Inde, zimayendera limodzi. Mwa anyamata khumi a fragile X, mmodzi kapena awiri amagwa khunyu. Atsikana ndi ochepa. Zimayamba ali aang'ono, nthawi zina ali mtulo, zimamva mankhwala, ndipo ambiri amasiya akamakula.

Koma thupi likatentha, muyezetseni malungo kaye, musangoti ndi fragile X. Akaphupha mugonekeni chammbali, m'kamwa musaikemo supuni kapena chala. Zikapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Mukatha jambulani vidiyo pafoni, adokotala aone okha, ndipo pemphani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mankhwala monga carbamazepine ndi sodium valproate amathandiza. Phenobarbitone nthawi zina amachititsa mwana kusakhazikika kwambiri, ndiye mukaona choncho kaneneni, koma musamusiyitse nokha mwadzidzidzi. Kumtsinje ndi pamoto asakhale yekha.

Mlongo wanga sanayezedwepo, koma ife tikamuona pamodzi ndi mwana wa mchemwali uja sitikayika. Anasiya kugwa ali ndi zaka 14. Lero amathandiza amalume kugulitsa nthochi pa Bvumbwe, ndipo ngakhale kuzizire bwanji, pamoto sayandikirapo.