Kodi warfarin ndi mankhwala a makoswe?

Bambo wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo za mayi ake, amene mtima wawo unawonongeka ndi matenda a rheumatic ndipo tsopano ukugunda mosalongosoka. Kuchipatala ku Blantyre anawapatsa warfarin, koma atafika kumudzi mnansi wina anati amenewo ndi mankhwala a makoswe, winanso n'kuwalangiza kuti asiyiretu ndiwo zamasamba. Bamboyu akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati kulibe mankhwala atsopano osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, poti kukwera Thabwa mwezi ndi mwezi kukumumalizira ndalama.

Bambo, mnansi woyambayo sananame, kungoti nkhaniyo anaidulira panjira. Inayambira m'khola, ndipo inu a ku Ngabu, kumene ng'ombe ndiye banki ya munthu, muimva msanga. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinkafa ndi kutaya magazi zikangofulidwa kapena kudulidwa nyanga, ndipo zinadziwika kuti zinkadya udzu wosungidwa wa sweet clover umene unali utachita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake a pa yunivesite ya Wisconsin anapeza cha m'ma 1940 chimene chinkaletsa magaziwo kuundana, ndipo kuchokera pamenepo anapanga warfarin. Anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe mu 1948, analoledwa kwa anthu mu 1954, ndipo mu 1955 mtsogoleri wa America, Dwight Eisenhower, anapatsidwa omwewa atadwala mtima. Chosiyanitsa khoswe ndi mayi anu ndi mlingo. Musawasokonezenso ndi tameki wa pamsika, amene ndi poizoni wa mtundu wina kotheratu.

Mtima ukamagunda mosalongosoka, magazi amachedwa m'chipinda chimodzi cha mtimawo n'kuundana, ndipo kambulu kakachoka pamenepo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo. Chiwindi chimadalira vitamini K popanga zinthu zoundanitsa magazi, ndipo warfarin amasokoneza ntchito ya vitamini ameneyu. Apa ndi pamene pabwerera nkhani ya masamba, chifukwa nkhwani, bonongwe, mpiru ndi chigwada zili ndi vitamini K wambiri. Koma kuuza mayi wa kuchigwa kuti asiye masamba n'kumulanda mbale yake, ndipo si zimene zikufunika. Choopsa n'kusinthasintha: miyezi ya kudimba adye nkhwani tsiku lililonse, kenako milungu ingapo akhale pa nsomba za makakana zokhazokha. Mlingo wa mankhwala umakonzedwa motsatira mmene munthu amadyera, choncho azidya masamba monga mwa nthawi zonse, ndipo chakudya chikasintha ndi nyengo adokotala adziwe.

Kuyezetsa kumene kukukutopetsaniko kumatchedwa INR, ndipo kwa odwala ambiri cholinga n'chakuti nambalayo ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika magazi angaundane, ikakwera kwambiri angatuluke osaleka.

Mankhwala atsopano alipodi, monga rivaroxaban, ndipo safuna kuyezetsa kotere. Ambiri, ine ndemwe, tinkayembekezera kuti awa ndiwo adzapumitse anthu okhala kutali ndi zipatala zazikulu. Koma kafukufuku wotchedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anayerekeza mitundu iwiriyi pa odwala oposa 4,500 a m'mayiko 24, onse a vuto lofanana ndi la mayi anu, ndipo anapeza kuti amene ankamwa warfarin kapena mankhwala a gulu lake anamwalira ochepa kuposa a rivaroxaban. Choncho musaganize kuti adokotala anawapatsa mankhwala akale chifukwa chosowa abwino.

Chimene ndikuopa kwambiri kuposa nkhwani ndi timankhwala ta pagolosale. Asipirini, brufen ndi indocid zimawonjezera kutaya magazi, bactrim amakweza mphamvu ya warfarin, pamene rifampicin wa TB amaifooketsa kwambiri. Kulikonse kumene akulandira chithandizo, ayambe aonetsa buku lawo la kuchipatala. Ulendo wotsatira mufunse adokotala ngati INR ingayezedwe kufupi ndi kwanu, koma mukaona kamfuno wosaleka, magazi m'nkhama, mkodzo wofiira kapena chimbudzi chakuda ngati phula, musadikire tsiku limene analemba m'bukumo, apite kuchipatala tsiku lomwelo.