Wonga sukwera basi, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati ulendo uno ndingakutengereni ku Johannesburg wonga wa mfuti ya gogodela ya malume, komanso kuti pa mitundu itatu yomwe mudamva, wabwino ndi uti.

Wakuda ndi uja wamakolo, wautsi wambiri ndi fungo ngati la dzira lovunda. Pachitini amalemba Fg, FFg kapena FFFg. Ma F akamachuluka ndiye kuti tinjere take n'tating'ono ndipo umayaka mofulumira. Vuto lake ndi mwaye. Umakoka chinyezi, moti mukapanda kutsuka mpope ndi madzi otentha tsiku lomwelo, mupeza dzimbiri lagwira kale.

Kenaka pali olowa m'malo mwake, monga Pyrodex ndi Triple Seven, a kampani ya Hodgdon ya ku America. Amenewa amayezedwa ndi kamuyezo, osati pasikelo, chifukwa kulemera kwawo n'kosiyana ndi wakuda. Amavutirapo kuyaka, ndipo kutsuka sikuthawika.

Wachitatuwo, wopanda utsi, muuzeni malume asauyandikize n'komwe. Umenewo ndi wa zipolopolo za mfuti zamakono, ngati uja wa kampani ya Somchem ya ku South Africa. Mphamvu yake mpope wa gogodela sungaipirire, makamaka zathu zosula kumudzizi. Umang'ambika m'manja, nkhope ili pomwepo. Musanyengeke ndi mtundu: wopanda utsi nawonso umaoneka wakuda. Wonga wa m'botolo lopanda dzina, ngakhale akugulitseni motchipa bwanji, usiyeni.

Tsono za geni yathu. Ku South Africa wonga sagula ngati shuga. Lamulo lawo la mfuti la 2000 limafuna kuti mwini gogodela akhale ndi satifiketi ya kupolisi, ndipo wonga wakuda uli m'gulu la zophulika, uli ndi chilolezo chakechake. Ine wa pasipoti yongodzaoda katundu, ndani angandipatse?

Ngakhale atandipatsa, taganizani njira yake. Basi ikanyamuka pa Park Station ku Johannesburg idutsa Beitbridge, Nyamapanda, Zóbuè, kenaka Mwanza, mayiko anayi, lililonse ndi malamulo ake. Pa Mwanza timatsitsa katundu yense pansi, aliyense kuima pambali pa zikwama zake, a MRA n'kumamasula zingwe chimodzichimodzi. Mabulangete ndi mafuta odzola timakambirana za msonkho. Wonga ulibe zokambirana, apo ndi unyolo basi, ndipo mpamba wanga wonse uthera pomwepo. Nanga kutentha kwa ku Tete kuja, chitini chili kunsi pafupi ndi injini, pamwamba pali azimayi ndi makanda?

Malume ayambire kupolisi kwathu konkuno, akafunse za laisensi ya mfutiyo ndi kumene angagule wonga mwalamulo. Chilolezo cha uzimba ndiye chimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Mabuti aja ndibweretsa ndithu, ingonditumizirani sayizi lisanafike Lachinayi.