Setilaiti ilipo, nanga sitima ikukatani panyanja?

Achimwene, mwafunsa kuti poti masetilaiti amajambula nyanja zikuluzikulu usana ndi usiku, n'chifukwa chiyani akatswiri amawonongabe ndalama kutumiza sitima kukayeza liwiro la madzi pamalo pomwe madzi ofunda amakumana ndi ozizira. Funso lanu lili bwino, koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: masetilaiti amene amagwira ntchitoyi saona madzi akuyenda. Amayeza zina, liwirolo anthu amachita kuwerengetsera.

Tiyambe ndi malire a madzi ofunda ndi ozizirawo. M'nyanja yamchere madzi ofunda ndi ozizira sasakanikirana msanga, amatha kuyenda moyandikana mtunda wautali, aliwonse mbali yake. Madzi ofunda ndi opepukirapo ndipo amafufuma, choncho mbali yawo nyanja imakhala yokwererapo. Pa Gulf Stream, mtsinje wa m'nyanja umene umayenda kufupi ndi gombe la kum'mawa kwa America, mbali yofunda imakwera pafupifupi mita imodzi kuposa yozizira, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Muli pa sitima simungaone chitunda chimenechi ndi maso, koma n'chimene chimayendetsa madziwo mpaka mamita awiri pa sekondi imodzi pomwe akuthamanga kwambiri.

Chitunda chimenechi n'chimene setilaiti imasaka. Imatumiza chizindikiro cha radar pansi, n'kuwerenga nthawi imene chatenga kuti chigunde madzi ndi kubwerera. TOPEX/Poseidon, imene America ndi France anaitumiza m'mlengalenga mu 1992, inkachita zimenezi ili pamtunda wa makilomita 1,336, ndipo inkalakwitsa ndi masentimita ochepa chabe. Ntchitoyi anaipitiriza masetilaiti a Jason, kenako Sentinel-6 kuyambira 2020.

Tsono apa m'pamene pali posokoneza mutu. Mungaganize kuti madziwo azitsetsereka kuchoka pokwera kupita potsika. Ayi ndithu. Kuzungulira kwa dziko kumawakhotetsa, mpaka amayenda motsatira mbali ya chitundacho osatsika. Kumpoto kwa equator, mukayang'ana komwe madzi akulowera, pokwera pamakhala kudzanja lamanja. Kum'mwera, monga pa mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas kufupi ndi South Africa, pamakhala kumanzere. Chitunda chikakhala chotsetsereka kwambiri, madzinso amathamanga kwambiri. Ndiye ukadziwa kutsetsereka, masamu amakupatsa liwiro. Nzeru yake njogometsa, sindikukana.

Koma taonani pomwe imaperewera. Setilaiti yamtunduwu imayeza kamzere kamodzi kokha kamene kali pansi pake, ndipo imabwereranso pamzere womwewo pakatha masiku pafupifupi 10. Pakati pa mzere wina ndi unzake, cha ku equator, pamakhala mtunda woposa makilomita 300. Mapu okongola aja mumawaona pa intaneti, mbali yaikulu ndi kompyuta imene yalumikiza mizere ya masetilaiti angapo n'kudzaza mipata. Pamene malire enieni nthawi zina amakhala opyapyala, makilomita ochepa basi, ndipo sakhazikika. Amapindika, amasuntha, amaduka n'kusiya madzi ozungulira okhaokha. Pamapu zonsezi zimasalazika, ndipo liwiro limaoneka lochepa kuposa mmene lilili. Kuwonjezera apo, madzi amene akukankhidwa ndi mphepo pamwamba sapanga chitunda chotere, ndiye masamu aja sawagwira. Pafupi ndi equator masamu omwewo amakanika, chifukwa mphamvu yokhotetsa ija imatheratu.

Aliponso masetilaiti oyeza kutentha kwa madzi, ndipo zithunzi zawo zimaonetsa malire bwino zedi. Vuto ndi mitambo: ikaphimba, ojambula bwino kwambiriwo saona kanthu. Komanso amangoyeza kakhungu ka pamwamba. Zimene zikuchitika mamita 200 pansi, setilaiti iliyonse ilibe nazo mawu.

Sitima ndiye imalowa pamenepo. Kunsi kwake amamangirirako chipangizo chotchedwa ADCP, chimene chimatumiza phokoso m'madzi. Phokosolo limagunda tizilombo ting'onoting'ono ndi tizinyalala toyandama limodzi ndi madzi, n'kubwerera litasintha pang'ono kamvekedwe, monga mmene kulira kwa ambulansi kumasinthira ikamabwera ndi ikamapita. Kusinthako n'kumene kumauza liwiro ndi komwe madzi akulowera, osati pamwamba pokha koma gawo ndi gawo mpaka mamita mazana angapo pansi. Apa palibe zongoganizira kuti madzi akumvera masamu a chitunda. Chimene chikuyezedwa ndi kuyenda kwenikweniko.

Nayonso ntchitoyi njosautsa. Sitimayo ikuyenda, mwina mamita 5 pa sekondi, pamene madzi ambiri sakwanitsa ngakhale mita imodzi. Ndiye pafunika kuchotsera liwiro la sitima pogwiritsa ntchito GPS, ndipo kampasi ikangolakwa ndi digiri imodzi, pamatuluka "mtsinje" wabodza wa masentimita pafupifupi 9 pa sekondi wodutsa chopingasa. Anthu a ntchitoyi amavutika ndi kampasi kuposa mmene mungaganizire.

Akafuna kudziwa kutentha ndi mchere mpaka pansi, amaimitsa sitima n'kutsitsa chipangizo cha CTD pa chingwe chachitsulo, chitazunguliridwa ndi mabotolo otunga madzi. Pamadzi akuya, kutsitsa ndi kukweza kumadya maola. Ukamamaliza kudutsa malirewo mbali ina, pomwe unayambira paja pasintha kale. Ndiye ukapeza kusiyana, sudziwa ngati n'chifukwa chakuti wasuntha malo kapena chifukwa nthawi yapita. Chithunzi cha setilaiti n'chimene chimamasula mfundo imeneyi, ndipo masiku ano amachitumiza ku sitima ili panyanja pomwepo kuti oyendetsa adziwe komwe malire athawira. Ena amaponyanso m'madzi timabokosi toyandama tokhala ndi chinsalu cholendewera mamita 15 pansi, kuti tizitsatira madzi osati mphepo, kwinaku tikutumiza pomwe tafika kudzera pa setilaiti.

Mwina wina anena kuti setilaiti ya SWOT, imene inatumizidwa mu Disembala 2022, yathetsa mkanganowu. Yasinthadi zinthu, chifukwa m'malo mwa kamzere kamodzi imayeza chigawo chotambalala makilomita pafupifupi 120, ndipo tsopano timalire ting'onoting'ono tikuoneka. Koma mu 2023, kwa miyezi ingapo, anaiika panjira yodutsa malo omwewo tsiku lililonse, ndipo sitima za ofufuza zinapita kukayeza pansi pake kuti aone ngati zimene ikunena n'zoona. Ine ndimaona kuti setilaiti ikamaona tinthu tating'ono kwambiri, m'pamenenso sitima imafunikira, chifukwa pa timalire topyapyala masamu a chitunda aja sadalirika.

Pa nkhani ya ndalama ndikugwirizana nanu pang'ono: sitima ya kafukufuku njodula, ndipo sangaitumize paliponse. N'chifukwa chake ena anapeza njira yachidule. Sitima yonyamula katundu yotchedwa Oleander, yoyenda pakati pa New Jersey ndi Bermuda, anaiika ADCP kuyambira 1992. Imadutsa Gulf Stream pa maulendo ake amalonda a nthawi zonse, chipangizocho chikulemba, popanda kulipira ulendo wapadera wa kafukufuku.