Nkhanu inali ndi ana kumimba, kodi imawadya?

FUNSO: Zikomo akonzi. Tsiku lina ndinagwira nkhanu pansi pa mwala mumtsinje, nditaitembenuza ndinaona tinkhanu tambirimbiri tili nyakwinyakwi kumimba kwake. Mnzanga akuti imadya ana ake omwe. Zoona zimenezi?

YANKHO: Ayi ndithu, mnzanuyo wangoinamizira nkhanuyo, munagwira ntchembere ili pa ntchito yolera. Mukaitembenuza nkhanu mumaona kachivindikiro kopindikira kumimba eti? Ka yaimuna kamakhala kowonda kosongoka, pomwe ka yaikazi ndi kotambalala, ndiye mmenemo ndi momwe imasungira mazira mpaka aswe.

Apa ndi pomwe nkhanu za mmitsinje zimasiyanirana ndi zinzake za mnyanja yamchere. Za mnyanja yamchere zimaikira timazira ting'onoting'ono masauzandemasauzande, zina mpaka mamiliyoni, ndipo chotuluka mdziramo sichioneka ngati nkhanu nkomwe, ndi kachilombo kongoyandama kumapita komwe madzi afuna. Tangoganizani zimenezo mumtsinje woti madzi ake akuthamangira kumunsi usana ndi usiku, bwenzi ana onse atakokoloka. Nde ya mumtsinje imaikira mazira ochepa koma akuluakulu, mwana amakulira mdzira momwemo nkutuluka ali kale kankhanu kathunthu, miyendo 10 kuphatikiza zopanira zija, kenako amakakamirabe kwa mayi ake kwa kanthawi asanayambe kudziyendera. Zomwe munaonazo ndi zimenezo basi.

Koma zili ndi kuipa kwake. Poti ana sapita patali, mitundu yambiri imangopezeka mu mtsinje umodzi kapena phiri limodzi, pa dziko lonse pali mitundu yoposa 1,300 ya nkhanu za mmadzi opanda mchere ndipo za mu Africa muno zambiri ndi za gulu lotchedwa Potamonautes. Mtsinje ukakwiririka ndi matope chifukwa mitengo ya mmbali yatha, mtundu wonse utha kuthera pompo, komanso akatumbu amene amadalira nkhanu amasowa chakudya. Masamba ogwera mmadzi ndi tinyama takufa amadya ndani? Ndi nkhanu zomwezi, ine ndimati ndi osesa a mumtsinje.

Ulendo wina mukaipeza yotere osaigwedeza, ana akayoyoka ali osakhwima nsomba ndi mbalame sizichedwa. Ingoibwezerani pansi pa mwala womwewo, ndipo muzigwira chakumbuyo kwa chigoba, apo ayi ikupanani chala mulira ndinu.