Nyimbo yotsekera dansi imene inakana kutha: "Children" ya Robert Miles

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Iwo akuti mwana wawo wamkazi wakhala akuliza pa foni nyimbo yotchedwa "React", ndipo atangomva piyano ya m'nyimboyo anakumbukira kuti anaimvapo kalekale, m'zaka za m'ma 1990, koma nthawi imeneyo munalibe mawu ngakhale amodzi. Atafunsa mnzawo wa kuntchito anauzidwa kuti nyimbo yakaleyo dzina lake ndi "Children", koma mnzawoyo anawonjezera kuti imeneyo si trance yeniyeni ayi (trance ndi mtundu wa nyimbo zovinira zopangidwa ndi zipangizo zamagetsi), ndi nyimbo ya malonda chabe. Tsono akufuna kudziwa amene anaipeka, chifukwa chimene inatchulidwira dzina la ana pamene mulibe mwana woyimba, komanso ngati mnzawoyo akunena zoona.

Bambo, makutu anu sanakunamizeni. "React" ndi nyimbo ya Switch Disco ndi Ella Henderson, inatuluka mu 2023 ndipo inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain, koma msana wake wonse ndi piyano ya "Children", nyimbo imene inapekedwa mu 1994 ndi mnyamata wa ku Italy dzina lake Roberto Concina, amene dziko linamudziwa ndi dzina loti Robert Miles. Iye anabadwa pa 3 November 1969 ku Fleurier m'dziko la Switzerland, kwa makolo a ku Italy, koma anakulira ku Fagagna, tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Friuli, kumpoto chakum'mawa kwa Italy. Anaphunzira piyano ali mwana, anayamba ntchito ya u-DJ m'malo ovinira ndi pa wayilesi za m'deralo m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi ndalama zimene ankasunga anadzikonzera kasitudiyo kake pogula zipangizo zimene ena anagwiritsapo kale ntchito.

Dera la Friuli ndalitchula dala, chifukwa yankho la funso lanu la dzina lili pamenepo. Chigawochi chinachita malire ndi Slovenia, limene linali gawo la dziko la Yugoslavia, ndipo kuyambira mu 1991 dziko limenelo linasweka ndi nkhondo imene inafika poipitsitsa ku Bosnia pakati pa 1992 ndi 1995. Kwa anthu a ku Friuli imeneyi sinali nkhondo yongoimva pa wayilesi, inali nkhondo ya kutsidya kwa malire, ulendo wa maola ochepa pa galimoto. Bambo ake a Miles anapita kumeneko pa ntchito yopereka chithandizo kwa ovutika, ndipo anabwerako ndi zithunzi za ana amene nkhondoyo inawazunza. Miles mwiniwake ananena kuti zithunzi zimenezo ndi zimene zinamukhazika pa piyano. Choncho ana a m'dzina la nyimboyi si ana oyimba kapena osewera, ndi ana a m'zithunzi zija, ndipo mukadziwa zimenezi mumvetsa chifukwa chake nyimbo yovinira imeneyi imamveka ngati ili ndi chisoni chimene sikufuna kuchitchula.

Koma pali chifukwa chachiwiri chimene Miles anapereka, ndipo kwa ine chimenechi ndiye chimene chikufotokoza mmene nyimboyi inapangidwira ndi mmene yakhalira moyo wautali chonchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Italy linali ndi vuto limene manyuzipepala analipatsa dzina loti "stragi del sabato sera", kutanthauza kupululuka kwa anthu Loweruka usiku. Achinyamata ankayenda mitunda italiitali pa galimoto kupita ku malo akuluakulu ovinira, makamaka a m'mphepete mwa nyanja ku Rimini ndi Riccione, ankavina usiku wonse pa nyimbo zaukali, ambiri atamwa mowa ndipo ena atamwanso mankhwala ozunguza bongo, kenaka m'bandakucha wa Lamulungu ankalowa m'galimoto kubwerera kwawo, thupi litatopa koma magazi akuthamangabe. Ena ankagona pa chiwongolero, ena ankathamangitsa galimoto ngati ng'oma ija ikulirabe m'mutu mwawo, ndipo Lolemba lililonse manyuzipepala ankasindikiza mayina. Nkhaniyi inakula mpaka amayi ena anapanga gulu, limene anthu ankalitchula kuti "mamme antirock", lofuna kuti boma lilamule malo ovinira kuti azitseka msanga.

DJ aliyense amadziwa kuti nyimbo yomaliza ndi imene anthu amatuluka nayo pakhomo. Ganizo la Miles linali lakuti nyimbo imeneyo ikhale yotsitsa mtima, yoti munthu akamafufuza makiyi a galimoto m'thumba akhale ataziziritsidwa pang'ono, akumbukire kuti kunja kwacha ndipo kunyumba kuli anthu omudikira. Sindinganene kuti piyano ingaletse munthu woledzera kuchita ngozi, ndipo amene wamwa malo ake si pa chiwongolero ngakhale atamvera nyimbo yofatsa bwanji. Chimene ndikunena n'chakuti "Children" inapangidwa kuti igwire ntchito inayake pa ola linalake la usiku, monga momwe nyimbo ya pamtondo kapena yotonthoza mwana imakhalira ndi ntchito yake, ndipo zonse zimene mumamva m'menemo zinasankhidwa poganizira ola limenelo.

Mukaimvetsera mwachidwi muona kuti siyochedwa ayi. Ng'oma yake imagunda pafupifupi ka 137 pa mphindi imodzi, kanayi kanayi mosaphonya, liwiro limene silisiyana kwenikweni ndi la nyimbo zina zovinira za nthawi imeneyo, ndipo besi imalowa pakati pa kugunda kulikonse n'kumakankhira miyendo patsogolo. Kufatsa kwake kuli pamwamba. Piyano imayimba kanyimbo kakafupi, ka manotsi owerengeka oti munthu amene wangoyamba kuphunzira angawalize ndi dzanja limodzi, ndipo liwu lililonse limasiya kamwangwi kamene kamazilala pang'onopang'ono lisanabwere linzake. Pansi pake pamayandama mawu aataliatali onga a zeze ambiri olira pamodzi. Zotsatira zake n'zakuti miyendo imapitiriza kuvina pamene mutu wayamba kale kulingalira zina, ndipo DJ sakakamizidwa kudula dansi mwadzidzidzi kuti anthu azipita. Mtundu umene unatchuka ndi wotchedwa "Dream Version", wa mphindi zisanu ndi ziwiri kapena kupitirira pang'ono, umene umayamba ndi mkokomo wa bingu ndi mvula ng'oma isanalowe. Pa wayilesi ankaika wodulidwa, wa mphindi pafupifupi zinayi, ndipo ndikuganiza kuti ndi umene inu munaumva.

Katulukidwe kake kanali kapang'onopang'ono. Inayamba kutuluka ku Italy mu January 1995 pa kachimbale kotchedwa "Soundtracks", pansi pa kampani ya DBX ya Joe T. Vannelli, DJ wa ku Milan amene ankathandiza Miles pa ntchito yake, ndipo poyamba sinachite phokoso. Vannelli anapita nayo ku Miami m'dziko la United States, kumene Simon Berry, mwini wa kampani yaing'ono ya ku London yotchedwa Platipus, anaimva n'kuitenga. Chakumapeto kwa 1995 inali itafala m'malo ovinira a ku Britain, kenaka kampani yokulirapo ya Deconstruction inaitulutsa kwa anthu onse kumayambiriro kwa 1996 ndipo inafika pa nambala 2 m'dzikomo. Ku Germany, ku France ndi m'mayiko ena oposa khumi inakhala pa nambala 1. Ngakhale ku United States, kumene wayilesi zikuluzikulu za nthawi imeneyo sizinkacheukira nyimbo zovinira za ku Ulaya, inakwera mpaka pa nambala 21 pa mndandanda wa Billboard Hot 100. Ganizirani kuti zonsezi zinachitika ndi nyimbo yopanda woyimba, yopanda kolasi yoti anthu aziyimbira limodzi, yopekedwa ndi munthu amene nkhope yake ambiri sankaidziwa. Kanema wake wodziwika kwambiri, wopanda mitundu, amangoonetsa kamtsikana kali m'galimoto kakuyang'ana pawindo pamene misewu, mizinda ndi minda zikudutsa, ndipo zifukwa ziwiri zija, mwana ndi msewu, zakumana m'chithunzi chimodzi. Chimbale chonse cha "Dreamland" chinatuluka mu June 1996, ndipo mu 1997 Miles analandira mphoto ya Brit, imene imaperekedwa kwa oyimba ku Britain, ya woyimba watsopano wochokera kunja kwa Britain.

Tsopano za mnzanu wa kuntchito uja. Sakulankhula zopanda mutu, ndipo ndikumvetsa kumene akuchokera. Trance inaphukira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka ku Frankfurt kumene kunali DJ Sven Väth ndi makampani a nyimbo a Eye Q ndi Harthouse, ndiponso ku Berlin kumene DJ Paul van Dyk anayambira. Cholinga cha nyimbo zoyambirirazo chinali kubwereza kachidutswa kamodzi kwa nthawi yaitali, kukasintha pang'onopang'ono, mpaka wovina aiwale kumene ali, ndipo dzina la trance likunena za kutengeka maganizo kotereku. Anthu amene anakulira m'nyimbo zimenezo ataona piyano yokoma ikugulidwa ndi amayi ndi agogo omwe, anaona ngati chinthu chawo chathiridwa shuga wambiri. Ndiponso mtundu wa "Children" uli ndi dzina lakelake, ena amati dream house, ena amati dream trance, ndipo unabadwira ku Italy, osati ku Germany.

Komabe ine sindigwirizana naye pamene akuti ndi nyimbo ya malonda chabe. Platipus, imene inaitengera ku Britain, inali kampani ya trance yeniyeni, ya anthu a m'malo ovinira osati a pa wayilesi, ndipo nyimboyi inayamba yagonjetsa ovina isanafike m'masitolo akuluakulu. Munthu wofuna ndalama za msanga mu 1994 sakanapeka nyimbo ya mphindi zisanu ndi ziwiri yopanda mawu. Chimene chinaipitsa mbiri ya mtunduwu ndi khamu la otsanzira limene linabwera mu 1996, pamene aliyense amene anali ndi kiyibodi ankaika piyano yachisoni pamwamba pa ng'oma n'kumayembekeza mwayi womwewo. Zambiri mwa nyimbo zimenezo zinaiwalika chaka chisanathe, ndipo zinayenera kutero, pakuti zinatenga kamvekedwe n'kusiya chifukwa chake. Koma njira imene "Children" inalambula, yoti ng'oma ileke pakati pa nyimbo, kanyimbo kogwira mtima katsale kokha, kenaka zonse zibwerere pamodzi anthu atakweza manja, ndi imene trance yotchuka ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inayendamo, kuyambira kwa DJ ATB ku Germany mpaka kwa ma DJ Ferry Corsten ndi Tiësto ku Netherlands. Sindikunena kuti Miles ndiye anayambitsa kapangidwe kameneka, chifukwa kanalipo kale, koma iye ndi amene anaonetsa makampani ndi wayilesi kuti anthu wamba mamiliyoni angakonde nyimbo yotere. Mukamuuze mnzanuyo kuti akafuna kuichotsa m'banja la trance, ayambe wafotokoza chifukwa chake ana a m'banjamo akufanana nayo chonchi.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi mmene mwini nyimbo anachitira ndi kutchuka kwake. Atatulutsa "Fable" ndi "One and One", imene anayimba Maria Nayler, ndiponso chimbale chachiwiri cha "23am" mu 1997, Miles anatopa ndi kufunsidwa "Children" ina. Anasiyana ndi kampani yaikulu, anakhazikitsa yakeyake yotchedwa S:alt, ndipo mu 2001 anatulutsa "Organik", chimbale chimene munthu wokonda piyano ija sangachizindikire, momwe anagwira ntchito ndi anthu ngati Trilok Gurtu, katswiri wa ng'oma wa ku India, Bill Laswell ndi Nitin Sawhney. Mu 2004 anapanga chimbale china chathunthu ndi Gurtu yemweyo, ndipo mu 2011 anatulutsa "Th1rt3en", momwe munamveka gitala ya Robert Fripp. Palibe mwa zimenezi chimene chinagulidwa ngati nyimbo yake ya mu 1995, ndipo zikuoneka kuti iye sanadandaule nazo. Atakhazikika pa chilumba cha Ibiza ku Spain anatsegula wayilesi ya OpenLab mu 2012, yoika nyimbo zimene wayilesi zina sizilabadira. Anamwalira komweko pa 9 May 2017 atadwala khansa, ali ndi zaka 47.

Chodabwitsa n'chakuti lero nyimbo imene inapangidwira kutseka usiku imaikidwa pakatikati pa chisangalalo kuti anthu akuwe, ndipo m'mitundu yambiri yokonzedwanso, kuphatikizapo imene mwana wanu akumvera, piyano ija yasanduka nyambo yokokera makutu m'masekondi oyambirira. Sindikudana nazo, chifukwa popanda "React" imelo yanu sikanandipeza, ndipo Ella Henderson amayimba bwino. Koma pempho langa kwa inu, bambo, ndi lakuti mufufuze "Dream Version" yathunthu ya pa chimbale cha "Dreamland", osati yodulidwa ya pa wayilesi, mukhale pansi ndi mwana wanuyo madzulo ena, mumuuze za zithunzi za ku Yugoslavia ndi za misewu ya ku Rimini m'bandakucha wa Lamulungu, kenaka muilize kuyambira pa bingu lija osaidumphitsa. Mukandilembere zimene iye akanene piyano ikakalowa.