Musagulitse kamerayo, yambani mwayesa khadi

Achimwene, mwati pojambula chinkhoswe ku Area 25, Canon 700D yanu imangodula vidiyo pakapita masekondi ochepa n'kulemba kuti "Movie recording has been stopped automatically", ndipo mutafika kunyumba zithunzi zina zikukana kutseguka pa kompyuta. Mwatinso memory card ndi ya 128GB, munaipeza motchipa m'tauni. Ndiye mukufunsa ngati kamera yatha ntchito. Ine ndikukayikira khadilo, osati kamera.

Choyamba, chotsani khadilo m'kamera lero lomwe. Musajambulirepo china chilichonse, musalifomate, ngakhale kompyuta itakuuzani kutero. Zithunzi zikafufutika kapena kusokonekera, nthawi zambiri zimakhala zikadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Likowetseni mu card reader, koperani zonse zimene zikutheka, kenako yesani PhotoRec kapena Recuva, mapulogalamu obwezeretsa zithunzi zotayika, onse ndi aulere. Zimene mwapulumutsa muziike pa kompyuta, osati pakhadi lomwelo. Anthu a chinkhoswe aja auzeni zoona msanga, asamve mochedwa.

Tsopano za khadilo. Makhadi achinyengo ndi ambiri, ndipo chinyengo chake ndi chochenjera. Amatenga khadi la 8GB kapena 16GB, n'kulikonza kuti lizinena kuti ndi la 128GB, kunja n'kumata chizindikiro cha SanDisk kapena Samsung. Kamera imakhulupirira. Masiku oyamba zonse zimayenda bwino chifukwa simunadzaze malo enieniwo. Mukangopyola pamenepo, zatsopano zimapita kopanda malo kapena zimafufuta zakale, pomwe maina a mafayilo akuonekabe ngati zonse zilipo. N'chifukwa chake zimakonda kuonekera pa tsiku la ntchito yaikulu, pamene mwajambula zambiri kuposa masiku onse. Mukamaliza kupulumutsa zithunzi, liyeseni ndi H2testw pa Windows, kapena F3 ngati muli ndi Mac kapena Linux. Pulogalamuyi imadzaza khadi lonse n'kuwerenganso, ndiye imakuuzani kukula kwake kwenikweni ndi liwiro lake. Imatenga nthawi, choncho ichiteni laputopu ili ndi moto wokwanira, magetsi asakudulireni pakati. Khadi lililonse latsopano lizidutsa pamenepa lisanapite kuntchito, risiti mukadali nayo.

Kudula kwa vidiyo kukuchokera pa liwiro. 700D ikamajambula Full HD imatulutsa pafupifupi 330MB pa mphindi, ndipo khadi likalephera kulandira msanga, kamera imaima. Nambala yaikulu imene imalembedwa pakhadi, monga 100MB/s, nthawi zambiri ndi liwiro lowerengera, pokopera ku kompyuta. Inu muziyang'ana tizizindikiro tating'ono tija. 10 ali m'kati mwa C, kapena 1 ali m'kati mwa U, akutanthauza kuti khadi silitsika pansi pa 10MB pa sekondi polemba. U3 (3 ali m'kati mwa U) ndi V30 akutanthauza 30MB pa sekondi. Kwa 700D, Class 10 (10 wa m'kati mwa C uja) yeniyeni ikukwana, koma ine ndingagule V30 kuti mukadzakwera kupita ku kamera ya 4K musadzagulenso. V60, V90 ndi makhadi a UHS-II, aja okhala ndi mizere iwiri ya tizitsulo kumbuyo, musataye nawo ndalama, kamera yanu siingagwiritse ntchito liwiro lakelo.

Dziwaninso kuti 700D imaima yokha ikafika mphindi 29 ndi masekondi 59, ngakhale khadi likhale labwino chotani. Pa pelekanipelekani, amene amatha maola, muzidula nokha pamene MC akusintha gulu, n'kuyambanso. Komanso m'mwezi wa Okutobala, m'tenti masana, kamera imatentha ndipo imaonetsa kachizindikiro ka kutentha isanasiye kujambula. Izi ndi zosiyana ndi vuto lanu la masekondi ochepa.

Pa kukula, ine sindikondwera ndi khadi limodzi lalikulu pa kamera ya malo amodzi a khadi ngati yanu. Bola makhadi atatu kapena anayi a 32GB. Limodzi limanyamula vidiyo ya ola ndi theka, kapena zithunzi za RAW (mafayilo aakulu amene kamera sinawakonze) zoposa 1,000. La kutchalitchi palokha, la zithunzi za kumunda wa maluwa palokha, la kuholo palokha. Limodzi likafa, ukwati wonse sunapite. Tisaiwale kuti chimene tanyamula pakanthu kakang'onoka ndi tsiku limene banja lasonkhera miyezi yambiri, agogo achokera ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo sadzabweranso kudzavina kachiwiri chifukwa khadi lathu linali lotchipa. Zimandipweteka kuona mnyamata wasunga ndalama chaka chonse kugula lens, koma pa khadi akufuna la mtengo wa chipisi.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Muzifomata m'kamera momwemo, mutatsimikiza kuti zithunzi zili malo awiri, pa kompyuta ndi pa hard drive ina. Kanyali kofiira kakumbuyo kakamaphethira, kamera ikulemba, musatsegule kachitseko kapena kuchotsa batire. Batire ikatsala pang'ono sinthani, isafere pakati pa vidiyo. Makhadi azikhala m'kabokosi kawo, osati m'thumba la thalauza limodzi ndi makiyi, makamaka ndi fumbi la Lilongwe. MicroSD ya mufoni yoika mu adaputala ndimaipewa pa ntchito ya kasitomala, chifukwa adaputala ikangolekeza kugwira bwino, kujambula kwaima.

Mukadzafuna kusintha kamera, yang'anani ya malo awiri a khadi, monga Nikon D7200, D750 kapena Canon 5D Mark III, muiike kuti izilemba chithunzi chilichonse pa makhadi onse awiri. Koma panopa bwerekani khadi lodalirika kwa mnzanu, mujambule vidiyo ya mphindi khumi pakhomo. Ikapanda kudula, kamera ili bwino. Mutiuze zimene H2testw yapeza, ndipo ngati PhotoRec ikukuvutani lembani pompano tithandizane.